Akamwini Awiri Kuseri kwa Khitchini

Mudzi wa Chafulumira
Mkaika, Katete
14 Julayi 2025

Wokondedwa mng'ono wanga Ethel,

Landira moni wochokera kuno kumudzi. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi alamu anga a Wangi ndi kamwana kathu Chimwemwe. Kodi kayamba kulankhula? Nanga kakulankhula chiyani, chathuchi kapena cha kwa bambo ake? Ife kuno tilipo, Mulungu akusunga. Bambo a Webby ali bwino, ana ali bwino, kungoti chimfine cha nyengo yozizirayi sichinadumphe nyumba. Amayi alipo, koma maondo aja afika poti kuchoka pakhonde kukafika kukhitchini amapumira kawiri.

Usadabwe kuona pepala ngati tabwerera kumasiku akale. Foni unanditsekera, ndikudziwa, ndikaimba imalira kamodzi n'kuduka. Ndiye ndathothola mapepala pakati pa kope la sukulu, ndipo kalatayi ndipatsa a Ignatius oyendetsa lole ya chimanga aja, poti iwo ku Solwezi amafikako ndipo pakhomo pako akupadziwa. Usaing'ambe usanafike kumapeto. Ukafika kumapeto, ing'ambe ngati ufuna.

Soya chaka chino tinapeza pang'ono, mpendadzuwa ndiye unachita bwino. Nkhumba yaikazi ija inaswa ana asanu ndi awiri, awiri inawagonera. Koma sindinathothole mapepala a mwana kuti ndikuuze za nkhumba.

Ndisanafike pa nkhani yeniyeni, uyambe wakumbuka chinthu chimodzi. Pamene unabwera kudzanena kuti pali mwamuna wa ku China amene amadzagula simenti ndi misomali m'sitolo ya a Ibrahim momwe unkagwira ntchito pa Katete, ndipo akufuna kukukwatira, anakuimira ndani? Amalume a Nikodemo anakana unkhoswe, amvekere iwo sangakhale nkhoswe ya munthu amene kwawo sikufikika pa njinga. Azimayi kumjigo ankati adzakudyetsa agalu ndi achule. Ena ankati mlatho wa ku Vubwi umene ankamanga ukangotha, adzakusiya ndi pathupi ngati mmene anachitira anzake.

Ndine ndinapita kwa amalume katatu konse mpaka anafewa. Ndine ndinatukanizana ndi mkazi wa a Aroni kumjigo mpaka ndowa yanga inagubuduka. Pa ukwati wako ndinavina mpaka chitenje chinamasuka, mwana ali kumbuyo. Sindikunena izi kuti unditamande ayi. Ndikufuna udziwe kuti ndinayamba ndi mtima wabwino. Unadzawonongeka pambuyo pake, ndipo tsiku lake ndikulidziwa.

Linali tsiku lija munabwera koyamba kudzagona kumudzi ukwati utachitika. Amayi anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Tonse tinkayembekeza kuti alamu aima chapatali ngati mkamwini wina aliyense. Koma munthu uja anangolunjika pamphasa, n'kuwagwira amayi manja onse awiri, n'kukhala pansi bondo lake likukhudza chitenje chawo. Amalume anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Pa chakudya anatenga ntchafu ya nkhuku ndi dzanja lake n'kuika m'mbale ya amayi. Atatha kudya anatulutsa kachitini kofiira ka mankhwala onunkhira aja, n'kugwada, n'kuyamba kuwatikita maondo. Maondo a apongozi, Ethel! Dzuwa lili pamutu, anthu akuona!

Ndinadikira kuti amayi akalipe. Amayi anaseka. Anaseka mpaka misozi, mpaka mano awiri otsala kumbuyo aja anaoneka, uku akuti msiyeni mwanayu, kwawo ulemu ndi umenewu.

Ukudziwa kumene anali bambo a Webby nthawi imeneyo? Anali kuseri kwa khitchini, pa kachitsa kawo kaja, akudya okha mutu ndi mapazi a nkhuku yomweyo. Anaithamangitsa ndi iwo, anaipha ndi iwo. A Josephat, amuna angawa, akhala pamudzi pano zaka makumi awiri tsopano. Nkhokwe ya amayi amamanga ndi iwo. Chaka chija amayi anakomoka ndi malungo, ndiwo anamanga ng'ombe pangolo n'kuwatengera kuchipatala, iwo akuyenda pansi patsogolo pa ng'ombe ulendo wonse, osacheuka ngakhale kamodzi, poti mkamwini sayang'ana apongozi atagona. Akakumana nawo panjira amapatukira m'tchire. M'nyumba ya amayi sanapondemo. Sanamvepo amayi akuseka chifukwa cha iwo.

Ndiye kubwere munthu wa dzulodzuloli, Chichewa chake chongoti zikomo ndi bwinobwino, achite zonse zimene mwamuna wanga akanazichita bwenzi atalipitsidwa mbuzi, n'kupatsidwa mphasa! Ndinanyamuka n'kupita kukatsuka mbale. Nditawadandaulira bambo a Webby anangoti mlendo uja ndi munthu wabwino, n'kutenga chipewa chawo kupita kukhola. Kusadandaula kwawoko ndi kumene kunandiwawa kwambiri.

Mutapita ndiye zinanyanya. Amayi analibenso nkhani ina. Ku Chigwirizano cha azimayi, mkamwini wanga wa ku China. Kumaliro, mkamwini wanga wa ku China. Kachitini kaja ankakamanga pansonga ya chitenje kuti azinunkhitsa anzawo. Mukaimba foni ya zithunzi ija, ankayamba asintha duku. Nthawi ina bambo a Webby anatha sabata yathunthu ali padenga kufolera nyumba ya amayi. Atatsika, manja ali mabala okhaokha, amayi anangondiuza kuti ukawathokoze, kenaka n'kufunsa ngati a Wangi aimba.

Nsanje, mng'ono wanga. Sindiipatsa dzina lina. Iwe unatenga sukulu, unatenga khungu losalala la amayi, unatenga tauni, ine sindinadandaule kwambiri. Koma kuseka kuja kunayenera kukhala kwa mwamuna wanga.

Ndiye munabweranso mu Ogasiti, zaka ziwiri zapitazo, kudzaonera mwambo wa Kulamba ndi kudzaonetsa khanda. Iwe unafika ukumva mutu ndi msana, unangogona m'nyumba mwanga ndi mwana. Amayi anali asanabwere kuchokera ku Sinda kumene anakazonda matenda. Unandipempha wekha, unati asisi, muwaphunzitseko alamu anu mwambo, akufunitsitsa kuchita bwino pamaso pa akuluakulu. Unandikhulupirira.

Ndinapita nawo kudimba ngati tikukathyola repu. Titakhala pamzere anatulutsa kabuku ndi cholembera. Ndinawaphunzitsa m'Chinyanja chosakaniza ndi Chizungu changa cha giredi seveni. Ndinati mkamwini sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi. Sawayang'ana kumaso, salandira kanthu m'manja mwawo, sadya iwo akuona, ndipo akawaona panjira amapatuka. Apo bodza panalibe, iwenso ukudziwa.

Bodza linabwera pambuyo. Ndinati zimene munachita ulendo watha zinawachititsa amayi manyazi aakulu, kuseka kuja ankabisa misozi, ndipo mudzi wonse unawanena kwa mwezi. Nkhope ya alamu inafiira mpaka m'makutu. Anafunsa ngati angapite kukapepesa. Ndinati ayi, kupepesako ndiye kuwavula pagulu. Ndinati ngakhale Ethel musamuuze, chifukwa mwana wamkazi sayenera kumva za manyazi a mayi ake kuchokera kwa mwamuna wake. Ndinatsiriza ndi kunena kuti chilichonse chopita kwa amayi chizidzera mwa ine. Analemba zonse, mzere ndi mzere. Kenaka anaimirira, anawerama, n'kunena kuti zikomo alamu. Anandithokoza, Ethel.

Ndinkafuna chiyani? Ndinkafuna akakhale kuseri kwa khitchini ngati wanga. Alaweko. Sindinaganize zopitirira pamenepo.

Pobwerera kudimba tinakumana ndi amayi pa kanjira ka kumjigo, atangotsika kumene kuchokera ku Sinda. Atationa anataya ndodo, anatambasula manja, akutsimphina uku akuitana kuti mwana wanga, mwana wanga. Alamu anadumphira m'udzu wouma, chisoso mpaka m'chiuno, n'kutembenuka kuwapatsa msana. Amayi anaima manja ali m'mwamba. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Ndisakunamize, mumtima ndinamva kukoma.

Masiku atatu otsatira iwe unali chigonere, zambiri sunazione. Amayi anawatungira madzi m'kapu yagalasi ya alendo ija, alamu anabisa manja kumbuyo mpaka amayi anaiika pansi. Anawayalira mphasa pansi pa mango, iwo ananyamula mbale yawo n'kupita kuseri kwa khitchini. Kachitini ka mankhwala anakasiya pamwala n'kubwerera chafutambuyo. Tsiku la Kulamba amayi anali atawauziratu anzawo a Chigwirizano kuti lero mumuona. Pa chinamtindi chonse chija cha ku Mkaika, amayi akati asendere, alamu ankasendera kwina. Anzawo aja anayamba kukodolana ndi zigongono.

Apa ndi pamene panachitika chimene sindinachiganizire. Zimene bambo a Webby akhala akuchita zaka zonsezi, amayi amazitcha ulemu. Zomwezo atachita munthu woyera khungu, amayi anaona kunyansidwa. Anandiitanira m'nyumba n'kundifunsa ngati akununkha. Anadzinunkhiza m'khwapa, mayi athu, nkhalamba. Anati tsopano poti wapeza mwana wasiya kunamizira, waona kuti ndine wakuda, manja anga ndi a dothi, kapu yanga ndi yauve. Tsiku limenelo anasamba kawiri ndi sopo amene amasungira Khirisimasi.

Ndikanatsegula pakamwa pamenepo, zonse zikanathera m'nyumba momwemo ndi kuseka. Ndinatseguladi. Ndinati amayi, anthu akunja ndi choncho.

Zotsatira zake ukuzidziwa. Unawauza amayi kuti uwu ndi ulemu wa chikamwini. Iwo anati Mtchaina chikamwini wachidziwira kuti, nanga chaka chatha sanali mkamwini? Unafunsa amuna ako, anangoti palibe, palibe, posunga pangano lathu. Unandifunsa ine pamaso pa amayi kuti kudimba ndinawaphunzitsa chiyani. Ndinati kugwada ndi kuwomba m'manja basi.

Ndiye amayi anakubwezera mwana amene anali pamiyendo pawo, n'kunena mawu aja, akuti tenga kamwana kako koyera ndingakadetse, kapite kwa eni ake. Ndinaona nkhope yako. M'mawa mwake ndine ndinakusenzera chikwama kukafika kumsewu, ndikuchita ngati ndikumva chisoni. Patapita sabata, nditakuuza pa foni kuti woyenera kupepesa ndiwe, unanditsekera. Unachita bwino.

Sindikudziwa zimene zinachitika m'nyumba mwanu mutafika. Mwina unawakayikira amuna ako, n'kumaganiza kuti kapena amayi anaona zoona. Mwina mpaka lero umawayang'ana ndi diso limenelo akatchula za kumudzi. Ngati zili choncho, tchimo limenelo ndi langanso.

Kuno mudzi unapeza chotafuna. Amalume ankangoti ndinanena ine. Mkazi wa a Aroni ankandipatsa moni kawiri patsiku kuti andifunse za mlamu wanga wothawa apongozi. Amayi dzina lako anasiya kulitchula, koma galimoto ikalira kumsewu ankasiya chimene akuchita. Ine ndinaona zonsezi, ndipo ndinakhala chete. Ndinali mwana yekhayo pakhomo, ndipo zinkandikoma.

Pali china chimene mwina sukuchidziwa. Miyezi itatu iliyonse a Ignatius akamadutsa pa Katete amandisiyira kaphukusi m'sitolo ya a Ibrahim. Mumakhala zitini ziwiri za mankhwala a maondo ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja lokhotakhota kuti alamu, za Mama. Zaka ziwiri, osaphonya. Amuna ako akutsatabe lamulo langa lija loti zonse zizidzera mwa ine.

Ine mankhwalawo ndinkawapala ndi supuni n'kuika m'botolo la mafuta odzola, n'kuwauza amayi kuti bambo a Webby agula pa Katete. Zitini ndinkaziponya m'chimbudzi. Ndipo zinathandiza. Amayi anayamba kutchula bambo a Webby ku Chigwirizano. Anayamba kuwasungira mbatata yowotcha, ine n'kumakapereka kuseri. Ndinkamva ngati ndabweza zathu. Mwini wake sankadziwa chifukwa chake mbatata yayamba kubwera, ankangodya.

Loweruka loyamba la mwezi uno amayi anali pakhonde akudzola mankhwala aja, bambo a Webby akudutsa chapatali kupita kukhola. Amayi anachita chimene sanachitepo. Anawaitana okha, osadzera mwa ine. Iwo anagwada pafupi ndi nkhokwe, nkhope kumbali. Amayi anati lero akufuna kuthokoza ndi pakamwa pawo chifukwa cha mankhwala, poti pakanapanda iwo bwenzi pano akukwawa.

Ine ndinali pamtondo. Ndinatsokomola, ndinawatsinzinira diso, ndinagogoda mtondo ndi munsi. Koma umawadziwa alamu akowa, munthu wosatha kunamiza ngakhale mbuzi. Anati pepani amayi, ine sindinagulepo mankhwala alionse.

Amayi anafunsa kuti nanga akuchokera kuti. Bambo a Webby si opusa ayi, amangokhala chete. Anayang'ana nkhokwe, kenaka analankhula mawu ochuluka kuposa onse amene analankhulapo kwa amayi chindikwatire. Anati kafungo aka akukadziwa, kankamveka pa malaya a mnzawo wa ku China. Anati masiku atatu aja ankadya naye kuseri, ndipo munthuyo chakudya sichinkamulowa, ankangosuzumira pa mpata wa tsekera kuona ngati Mama adya.

Anatinso mnzawoyo anawapempha kuti amuonetse kapatukidwe ka panjira, ndipo anakayeserera kuseri kwa khola kasanu konse, mpaka ataphunzira kugwada mosayang'ana. Anati munthu wonyansidwa sayeserera kuseri kwa khola. Bambo a Webby ankayesa kuti amayi ndiwo analamula zimenezi, ndipo za mkangano uja ine ndinawauza kuti ndi nkhani za eni mudzi, mkamwini asalowerere. Atatha anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Bola akanandimenya ndi munsi womwewo.

Ndinaulula zonse pabwalo pomwepo, nkhuku zikujompha mphale mumtondo. Za kudimba, za kabuku, za botolo. Amayi sanalire, sanatukwane. Anangofunsa funso limodzi, akuti ndiye kuti sindinunkha? Ethel, funso limenelo lidzanditsata mpaka kumanda.

Masiku anayi sanandilankhule. Chakudya changa ankachibweza chivundikire, n'kumadziphikira okha phala atakhala pansi. Lachinayi anaitanitsa amalume a Nikodemo. Anati mwana wa eni, wa ku China uja, anamulakwira, ndipo mdzukulu wawo anamutukwana asanamere mano. Anati akufuna achite zimene makolo ankachita mkamwini akakhulupirika, amuphere tambala, amuitanire pamphasa, adye naye amalume akuona, kuti kuthawana kuthe mpaka kalekale. Amalume omwe aja ankakana unkhoswe ndiwo anayamba kuvomera. Akuti munthu wotumiza mankhwala zaka ziwiri kwa nkhalamba imene inamuthamangitsa, ameneyo ndi wathu.

Uganiza kuti ndinakhala chete ndi manyazi anga? Ndinayenera kutero. Koma nsanje ija inadzukanso. Ndinalankhula ndikulira, ndinati nanga wanga? Zaka makumi awiri kuseri kwa khitchini, ngolo ija, denga lija, tambala wake ali kuti? Ngakhale lero, wa ku China ndiye alandire tambala? Amalume anandiuza kuti ndikhale pansi, wakuba sasankha ndiwo. Ine sindinakhale.

Amayi anatembenukira kwa ine. Anati iwo ankayesa kuti a Josephat amakonda choncho, poti sanaonetsepo kuti akufuna kuyandikira. Anati nawonso amatopa kuthawa munthu amene amawadyetsa. Kangapo konse akhala akufuna kuwafunsa za ng'ombe kapena kungocheza nawo, koma akawaona akulowa m'tchire, nawonso amalowa mbali inayo. Anati amayi awo anamwalira asanawamasule atate athu ku zothawana za chikamwini, ndiye mwambowo sanauonepo ndi maso, anangoumva. Kenaka anati, Rhoda, ukanangonena. Zaka zonsezi ukanangonena.

Ndinasokoneza nyumba ziwiri pofuna chinthu chongopempha ndi pakamwa.

Ndiye atambala alipo awiri. Amalume akuti mwambo uchitike Lachisanu loti mawa lake ndi Kulamba, poti abale onse amakhala alipo. Ine ndinati za bambo a Webby zichitike sabata yomwe ino, adikira kokwanira. Amayi anavomera. Amene anakana ndi mwini wake. Akuti iwo ndi mnzawo anadyera limodzi kuseri kwa khitchini, adzachokako limodzi. Mnzawo akapanda kubwera, iwo kachitsa kawo sanatope nako. Ndachonderera, ndalira, ndanyanyala kuphika tsiku lathunthu. Akungoti ayi. Ndipo ndangozindikira kuti kachitsa kamene ankakhalapo alamu kadakali pomwepo. Kawiri konse ndinafuna kukasonkhera moto, iwo ankangoti kasiye, osanena chifukwa.

Waona mmene Mulungu wandipindira? Chimene ndakhala ndikulirira mwamuna wanga zaka zonsezi chili m'manja mwako, ndi m'manja mwa munthu amene ndinamunamiza. Mukapanda kubwera, a Josephat adzakalambira kuseri kwa khitchini, ndipo wowasiya kumeneko ndidzakhala ine.

Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Ukabwera ukhoza osandipatsa moni, ukhoza kukagona kwa amalume. Koma uwawerengere alamu kalata ino, mawu ndi mawu, usadumphe za kudimba. Pamene sakumva uwamasulire. Uwauze kuti tsiku lija amayi ankaseka zenizeni, ndipo palibe tsiku lina limene ndinawaona akuseka choncho chimwalirire atate. Uwauze kuti pangano lija ndalimasula, tsamba lija aling'ambe m'kabuku.

Za mawu amene ananena pa Chimwemwe, amayi akana kuti ndilembe kupepesa kwawo. Akuti anatuluka pakamwa pawo, adzawabweza ndi pakamwa pawo, mwana ali pamiyendo. M'mawa uliwonse akundifunsa kuti a Ignatius adutsa liti. Botolo lija analitaya, akuti akufuna mankhwala a m'chitini, opakidwa ndi mwini wake. Maondo akutupa, Ethel, ndipo chaka chino aonda. Sindikukuopseza, ndikungonena zimene maso anga akuona.

Ndipo kuti usadzadabwe ukafika, atambala aja si ofanana. Wofiira ndi wamkulu, wamawangamawanga ndi wocheperako. Wofiirayo ndamumanga kansalu kumwendo, ndi wa bambo a Webby. Amayi anaona, anangopukusa mutu. Gaga ndikuwapatsa wofanana, usade nkhawa. Koma zaka makumi awiri si zaka zitatu. Pamenepo pokha undilole.

Undiperekere moni kwa alamu, ngati angaulandire kuchokera kwa ine. Chimwemwe umupsompsone pachipumi, umuuze kuti kumudzi ali ndi amayi aakulu ouma mtima koma odziwa kuphika futali. Amayi, amalume a Nikodemo, bambo a Webby ndi ana onse akupereka moni. Ambuye akusungeni nonse atatu, ndipo akuyendetseni bwino pamsewu wautaliwo.

Lachinayi la sabata ya Kulamba ndidzakhala kumsewu pamene ndinakusiya paja, kuyambira basi yoyamba mpaka yomaliza. Chikwama chija ndinachisenza popita. Ndikufuna ndidzachisenze pobwera.

Ndine mkulu wako,
Rhoda